Bondo Lochitidwa Opaleshoni ndi Ntchito Yophunziranso Kuyenda m'Dera la Nkomeshya

Nkhani ya lero pa wailesi ino ikukhudza bondo, makamaka bondo limene mtsempha wake unaduka n'kukakonzedwa kuchipatala, ndipo ikulunjika kwa anthu a m'dera la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II m'boma la Chongwe, kumene moyo wa tsiku ndi tsiku, kumunda, kudimba, kuchitsime ndi pabwalo la mpira, umatsamira pa miyendo. Mfundo imene nkhaniyi yanyamula ndi yakuti opaleshoni imabwezeretsa chingwe chimene chinaduka, pamene kayendedwe ka munthu kamabwerera pokhapokha iye mwini atakaphunziranso, chifukwa kuyenda ndi luso limene minofu ndi ubongo zimagwirira pamodzi, ndipo lusoli limasokonekera kuyambira tsiku lovulala. Malangizo ambiri a kuphunziranso kumeneku analembedwa ndi anthu a m'maiko a pansi posalala, mipando yaitali ndi zimbudzi zokhalira, motero ayenera kuyezedwa ndi ntchito zimene bondo limagwira ku Kanakantapa, ku Palabana, ku Kasisi ndi ku Chalimbana.

Choyamba chofunika kumasulira ndi mawu akuti mtsempha, popeza m'Chichewa ndi m'Chinyanja mawu amodzi omwewa amatchula njira za magazi, timaulusi tonyamula mauthenga a ubongo, zingwe zolumikiza mnofu ku fupa, ndiponso zingwe zolumikiza fupa ku fupa linzake. Mtundu wotsirizawu ndi umene madokotala amautcha ligamenti, ndipo ntchito yake ikufanana ndi ya luzi lomangira phaso la nyumba, limene limaletsa mitengo kusuntha pamalo pake mphepo ikawomba. Bondo lili ndi mitsempha ikuluikulu inayi yotere, iwiri m'mbali mwake ndi iwiri pakatikati pake, yopingasana ngati mtanda. Wakutsogolo mwa iwiri yopingasanayi, umene m'zipatala umadziwika ndi zilembo za ACL, ndiwo umaletsa fupa la msongolo kutsetserekera kutsogolo kapena kupotoka pansi pa fupa la ntchafu, ndipo ndi umene umachitidwa opaleshoni kawirikawiri. Pakati pa mafupa awiriwo palinso tinthu tiwiri tolimba koma tofewerapo, totchedwa meniscus, timene timagwira ntchito ya nkhata ya pamutu, yogawa kulemera kuti fupa lisakhule fupa linzake.

Mtsempha wa ACL umaduka kwambiri popanda wina kumenya bondolo. Phazi limakhala litagwira nthaka, thupi n'kutembenuka mwadzidzidzi, kapena munthu amatera moipa atalumpha, bondo n'kugwera mkati, ndipo ambiri amanena kuti anamva kanthu kakuthetheka m'bondo, kenako linatupa pasanathe maola angapo. Okonda mpira m'Zambia akukumbukira kuti goloboyi wa timu ya akazi ya Copper Queens, Hazel Nali, analephera kusewera mpikisano wa dziko lonse wa 2023 chifukwa cha kuvulala kwa mtsempha womwewu, ndipo ofufuza a m'maiko ambiri apeza kuti akazi osewera mpira amavulala motere kuposa amuna. Komabe vutoli silisankha akatswiri okha, popeza limagweranso mtsikana wa netibo pabwalo la sukulu, mnyamata wolumpha pa ngolo kapena pa lole, ndi wokwera njinga yamoto imene yatererekera pamchenga. Kumudzi kuvulala kotere kumatchedwa kubinya, bondo limathowedwa ndi madzi otentha, kutupa kumaphwa pakapita masabata, ndipo munthu amadziona ngati wachira mpaka tsiku limene bondo limufookera mwadzidzidzi potembenuka kapena potsika mtunda.

Njira ya wodwala wa ku Nkomeshya imayambira pa kachipatala kapafupi, kudzera ku chipatala chachikulu cha boma la Chongwe, n'kukafika ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 45 mumsewu wa Great East, kumene kuli madokotala a mafupa m'zipatala monga University Teaching Hospital ndi Levy Mwanawasa. Chithunzi cha X-ray chimaonetsa mafupa okha, motero mawu akuti fupa silinathyoke satanthauza kuti mtsempha uli bwino; dokotala amauyeza ndi manja, pogwira ntchafu ndi kukokera msongolo kutsogolo bondo litapindika pang'ono, njira yotchedwa dzina la Lachman, ndipo makina a MRI ndiwo amaonetsa mtsemphawo ndi meniscus. Nkofunika kunenanso kuti si aliyense woduka ACL amene ayenera kuchitidwa opaleshoni. Mu 2010 Richard Frobell ndi anzake a ku Sweden anafalitsa zotsatira za anthu 121 a zaka 18 mpaka 35, amene ena anachitidwa opaleshoni msanga, ena n'kuyamba ndi mafizo okha, kutanthauza masewera olimbitsa thupi otsogozedwa ndi katswiri, ali ndi mwayi wa opaleshoni pambuyo pake. Patatha zaka ziwiri magulu awiriwo sanasiyane kwenikweni, ndipo patatha zaka zisanu pafupifupi theka la gulu lachiwirilo linali lisanafunebe opaleshoni. Chimene magulu onse awiri anachita mofanana ndi mafizo.

Pa opaleshoni ya masiku onse, mtsempha wodukawo susokedwa, chifukwa nsonga zake sizigwirana bwino mkati mwa bondo. Dokotala amatenga chingwe china m'thupi la wodwala yemweyo, kawirikawiri kuseri kwa ntchafu, kapena pansi pa kafupa kozungulira ka kutsogolo kwa bondo, n'kuboola timabowo m'fupa la ntchafu ndi la msongolo, kulowetsamo chingwecho ndi kuchimangirira nsonga zonse ziwiri. Alimi amene anaphunzira kumezanitsa mango kapena malalanje angamve msanga zimene zimachitika pambuyo pake: kanthambi komezanitsidwa kamaoneka kamoyo tsiku loyamba, koma mphamvu yake yeniyeni imabwera katagwirana ndi tsinde. Chingwe chatsopanocho chimayamba chafooka, popeza chilibe njira zakezake za magazi, ndipo ofufuza amaona nyengo ya pakati pa sabata lachisanu ndi chimodzi ndi la khumi ndi chiwiri ngati nthawi imene chimakhala chosalimba kwambiri, pamene kusandulika kwake kukhala mtsempha wokhwima kumatenga chaka kapena kupitirira. Nyengo yofookayi ndiyo yoopsa, chifukwa imafika pamene ululu watha, bala lapola, ndipo achibale ayamba kunena kuti wodwala wachira.

Nkhani ya malo amene chingwecho chatengedwa ili ndi kulemera kwake kwa anthu a kuno. Chingwe chotengedwa kutsogolo kwa bondo chimagwirana bwino ndi fupa, koma chimadziwika kuti chimasiya ululu pogwada kwa anthu ambiri kuposa chotengedwa kuseri kwa ntchafu, ndipo ululuwo ungathe kukhala zaka. M'maiko amene anthu sagwada kawirikawiri, zimenezi zimalembedwa ngati vuto laling'ono. Pakati pa Asoli, omwe ndi anthu a dera lino, ndi anansi awo, mkazi amagwada popereka madzi kwa apongozi ndi popatsa moni akuluakulu, anthu amagwada pamaso pa mfumu, Akatolika a ku Kasisi amagwada pa Misa, ndipo wa kudimba amagwada powokera mbande. Wodwala ali ndi ufulu wofotokozera dokotala zonsezi opaleshoni isanachitike, kuti chisankho chipangidwe modziwa moyo umene bondolo likubwerera.

Ntchito yoyamba pambuyo pa opaleshoni, imene imaposa zina zonse m'masabata awiri oyamba, ndi kuwongola bondo mpaka lifanane ndi linzake. Kale bondo lotere linkaikidwa m'chikhakha kwa masabata ambiri, ndipo anthu ochuluka ankatuluka ndi mwendo wouma wosawongoka, mpaka dokotala wa ku Indianapolis m'dziko la America, Donald Shelbourne, ataona kuti odwala amene sankamvera lamulo losaponda ndi losawongola ankachira bwino kuposa omvera. Mu 1990 iye ndi Paul Nitz anafalitsa njira yoika patsogolo kuwongola msanga ndi kuponda msanga, ndipo njira zambiri za lero zinachokera pamenepo. Cholakwika chimene chimachitika m'nyumba zambiri chimabwera chifukwa cha chifundo: mayi kapena mkazi wa wodwala amapinda chitenje kapena kuika pilo kunsi kwa bondo kuti ululu uchepe, wodwala n'kugona bwino, koma bondo lozolowera kukhala lopindika limamera zipsera mkati mwake zimene zimalitsekereza kuwongoka. Choyenera ndi kuika chotsamiracho pansi pa chidendene. Wodwala amagona chagada pamphasa, chidendene chili pa njerwa yokutidwa ndi nsalu, kunsi kwa bondo kuli mpata woti dzanja n'kupita, n'kulisiya bondolo kuti lizitsika lokha ndi kulemera kwake kwa mphindi zisanu kapena khumi, kangapo pa tsiku. Kukokeka kumamveka kuseri kwa bondo ndipo sikukoma, koma bondo limene latsala ndi madigiri asanu okha osawongoka limatha kusiya munthu akutsimphina kwa nthawi yaitali.

Ntchito yachiwiri ndi kudzutsa mnofu waukulu wa kutsogolo kwa ntchafu, umene umawongola bondo ndi kuligwira munthu akaponda. Mnofu umenewu umagona pambuyo pa kuvulala, osati chifukwa cha ulesi wa wodwala, koma chifukwa bondo lotupa limatumiza uthenga ku msana woti mnofuwo usagwire ntchito, ndipo ofufuza a m'ma 1980 anaonetsa kuti madzi okwana mamililita 20 kapena 30, omwe ndi masipuni aakulu awiri okha, akhoza kuyambitsa zimenezi. Ndiye chifukwa chake ntchafu imaonda msanga, ndipo kuthana ndi kutupa kumakhala mbali ya kulimbitsa mnofu. Mwendo ukwezedwe kuposa chiuno pogona, bondo limangidwe ndi bandeji yotanuka, ndipo liziziziritsidwa kwa mphindi 15 kapena 20. Kumene kulibe firiji, nsalu yoviika m'madzi ozizira a mumtsuko n'kukulunga pa pepala la pulasitiki kuti bala lisanyowe imathandizako. Kuthowa ndi madzi otentha pa masiku amenewa kumawonjezera kutupa, ndipo kutema mphini pa bondo lochitidwa opaleshoni kumatsegulira tizilombo njira yolowera pafupi ndi malo amene aikapo chingwe. Masewera ake ndi osavuta: kukanikiza kunsi kwa bondo pansi ndi kulimbitsa ntchafu kwa masekondi asanu, kunyamula mwendo wonse uli wowongoka, kugwedeza phazi m'mwamba ndi pansi kuti magazi aziyenda, ndi kukoka chidendene cha ku matako ndi chitenje chokoleka kuphazi kuti bondo liphunzire kupindika. Kutentha thupi, mafinya pabala, bondo lofiira ndi lotentha, katumba wotupa ndi wowawa, kapena kubanika popuma, ndi zizindikiro zothamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo.

Akatswiri a mafizo m'Zambia amaphunzitsidwa m'masukulu monga Evelyn Hone College ndi University of Zambia, koma ambiri mwa iwo amapezeka m'zipatala zazikulu, motero wodwala wa kumudzi amakumana nawo mwa apo ndi apo, ndipo ulendo uliwonse umadya ndalama ya basi ndi tsiku lathunthu. N'chifukwa chake ulendo wotere usamathere pa kusisitidwa ndi kuwothetsedwa nyali chabe. Wodwala atuluke ndi ndondomeko yolembedwa ya masewera, kuchuluka kwake, zoletsedwa ndi tsiku lobwerera, ndipo ndi bwino apite ndi wachibale amene adzamuyang'anire kunyumba. Ngati pa opaleshoni anasokanso meniscus, kapena ngati mtsempha wokonzedwawo ndi wakumbuyo, malamulo a kuponda ndi kupinda amasintha kwambiri, ndipo mawu a dokotala amene anagwira ntchitoyo amaposa chilichonse chonenedwa pa wailesi.

Kuti kutsimphina kumveke bwino, nkofunika kufotokoza mmene munthu wabwinobwino amayendera, nkhani imene dokotala wa ku America, Jacquelin Perry, anailemba mwatsatanetsatane m'buku lake la 1992. Kuyambira pamene chidendene chagunda pansi kufikira pamene chidendene chomwecho chigundanso, phazi limakhala pansi magawo pafupifupi 60 pa 100 a nthawiyo, ndipo limakhala m'malere magawo 40. Chidendene chimagunda pansi bondo lili lowongoka, kenako bondo limapindika madigiri 15 kapena 20 kuti lilandire kulemera kwa thupi, monga mmene mayi amachitira pofewetsa manja polandira chidebe chodzaza, ndipo pa kanthawi kameneka mnofu wa ntchafu ndiwo umagwira bondo kuti lisakhotere pansi. Thupi likamadutsa pamwamba pa phazi, bondo limawongokanso, kenako chidendene chimanyamuka, zala zimakankha nthaka, ndipo mwendo ukakhala m'malere bondo limapindika mpaka madigiri pafupifupi 60 kuti zala zisakhule pansi. Zonsezi zimachitika m'sekondi imodzi kapena kupitirira pang'ono, kambirimbiri pa tsiku, munthu osaziganizira.

Pambuyo pa kuvulala, thupi limapeza njira zozembera mbali zimene zimapweteka kapena zimene silikuzikhulupirira. Mu 1990 Berchuck, Andriacchi ndi anzawo anafotokoza kayendedwe kamene anakatcha kozemba mnofu wa ntchafu, kamene munthu amaponda bondo lili louma ngati mtengo, osalola kupindika pang'ono kuja kolandirira kulemera, nthawi zina ataweramira kutsogolo kuti ntchitoyo igwere chiuno. Palinso kayendedwe kena ka munthu amene bondo lake silinawongoke, amene amaponda ndi phazi lonse kapena ndi zala, mwendo wovulalawo n'kuoneka ngati waufupi, komanso ka munthu amene bondo lake silipindika mokwanira, amene amazungulitsa mwendo kunja kapena kukweza chiuno kuti phazi lidutse. Njira zonsezi zimafupikitsa nthawi imene munthu amaima pa mwendo wovulalawo, ndipo mnofu umene ukuzembedwa sulimba, kufooka kwake n'kumapitiriza kutsimphinako. Ofufuza oyeza ndi makina apeza kuti kusiyana kwa miyendo iwiri poyenda kumatha kukhalapobe chaka kapena zaka ziwiri pambuyo pa opaleshoni, ngakhale mwa anthu amene m'maso amaoneka ngati akuyenda bwino, ndipo ambiri amaganiza kuti kusintha kwa malo amene kulemera kumagwera m'bondo kumathandizira nyamakazi ya m'tsogolo. Kutsimphina kotsala ululu utatha ndi chizolowezi chimene ubongo waphunzira, ndipo kusiyidwa chokha sikutha.

Pamenepa ndi pamene ndodo za kuchipatala ziyenera kumveka bwino. Achinyamata ambiri amachita nazo manyazi ndipo amazitaya msanga, poganiza kuti kuyenda opanda ndodo ndiye umboni wa kuchira, koma ndodo ndi chida chophunzirira kuyenda koyenera: zimanyamula gawo la kulemera kuti munthu athe kugunda chidendene, kulola bondo kupindika pang'ono, kuliwongola ndi kukankha ndi zala, pang'onopang'ono ndiponso molondola. Zimasiyidwa pamene bondo likuwongoka lonse, mwendo ukunyamuka wowongoka osagwa, kutupa kwachepa, ndipo munthu akutha kuyenda osatsimphina, zimene kwa ambiri zimachitika pakati pa sabata lachiwiri ndi lachisanu ndi chimodzi. Ikatsala ndodo imodzi, igwiridwe kudzanja la mbali ya mwendo wabwino, ndipo pokwera masitepe kapena chiunda cha khonde utsogole mwendo wabwino, potsika utsogole wovulala pamodzi ndi ndodo.

Mudzi ulibe makina oyezera kayendedwe, koma uli ndi bwalo losesedwa. M'mawa, mchenga wa pabwalo ukadali wosalala ndi mizere ya tsache, wodwala angayende opanda nsapato mapazi khumi kapena khumi ndi awiri molunjika, kenako iye ndi womuyang'anira n'kubwerera kukawerenga mapaziwo monga mlenje amawerengera mapazi a nyama. Kamtengo kamodzi kamakwanira kuyeza ngati mtunda wa pakati pa mapazi ukufanana mbali zonse ziwiri. Phazi la mwendo wovulala lionetse chidendene chozama ngati linzake, zala zake ziloze kutsogolo mofanana, ndipo pasapezeke mzere wa zala zokhula pansi kapena wa phazi lozungulira kunja. Khutu limathandizanso, popeza kayendedwe kabwino pa simenti kamamveka kofanana, pamene kotsimphina kamamveka kugunda kwina kolemera, kwina kopepuka ndi kofulumira. Kumene kuli foni yojambula, kanema wa masekondi ochepa wojambulidwa cham'mbali amaonetsa wodwala zimene thupi lake silimuuza, ndipo angakaonetsedwe kwa katswiri pa ulendo wotsatira.

Kuyambira mwezi wachiwiri ntchito imasamukira ku mphamvu, ndipo zida zake zili kale pakhomo. Kukhala ndi kunyamuka pampando osagwira ndi manja, kulemera kutagawidwa mofanana ku miyendo yonse, kumatsatiridwa ndi kukwera ndi kutsika pa njerwa imodzi, kenako ziwiri, bondo litaloza pa chala chachiwiri cha phazi osagwera mkati, ndipo pambuyo pake kunyamuka pampando ndi mwendo umodzi. Kuima ndi mwendo umodzi, poyamba pafupi ndi khoma, kenako pa thumba la mchenga, kenako m'maso mutatsinzinidwa, kumabwezeretsa luso la thupi lodziwa pamene bondo lili popanda kuliyang'ana, luso limene mtsempha wakale unkathandiza ndi timaulusi take ta mauthenga. Njinga ndi bwenzi labwino la bondo lotere ikangofika nthawi yoti lipindika madigiri pafupifupi 110, makamaka ikaimikidwa pa sitandi yolimba ndi chishalo chokwezedwa, isanatulutsidwe kumsewu. Mnofu umalimba pokhapokha ukatopa, motero katundu ayenera kumawonjezeka sabata ndi sabata, monga chikwama cha kumsana choikamo mchenga. Muyezo wa kuchuluka kwa ntchito ndi bondo lenilenilo m'mawa mwake: chingwe chozunguliza pakati pa bondo, chomangidwa mfundo pa muyezo wa dzulo, chimaonetsa ngati latupa, ndipo likatupa ntchito ya tsikulo ichepetsedwe.

Zimene bondo limafunsidwa kuchita ku Nkomeshya zimaposa zimene mabuku ambiri amayeza. Kuyenda kumafuna madigiri 60, kukhala pampando kumafuna pafupifupi 90, koma kunjuta m'chimbudzi chokumba kapena pophika pamafuwa kumafuna madigiri 130 kapena kuposa, thupi lonse litatsamira pa bondo lopindikalo, ndipo kunjuta kotere kumafinya kumbuyo kwa meniscus, chifukwa chake amene anasokedwa meniscus amaletsedwa kwa miyezi ingapo. Nkhaniyi anthu amachita nayo manyazi kuifunsa, koma ndiyo imakumana ndi wodwala m'mawa woyamba atafika kunyumba. Mpando wakale woboola pakati, woikidwa pamwamba pa dzenje, ndi mtengo wokhomedwa kukhoma wogwirira, ziyenera kukonzedwa wodwala asanatuluke m'chipatala. Momwemonso ulendo wa pa minibasi wochokera ku Lusaka, bondo litapanikizidwa ndi mpando wa kutsogolo, umatupitsa mwendo, ndipo wodwala apemphe malo oti awongolerepo.

Kwa osewera mpira, funso limakhala la tsiku lobwerera m'bwalo. Kuthamanga molunjika sikuyamba miyezi itatu isanakwane, ndipo kumayamba pokhapokha bondo lisakutupa, ntchafu italimba mokwanira. Kutembenuka mwadzidzidzi ndi kulimbirana mpira kumadikira nthawi yaitali kuposa pamenepo. Mu 2016 Hege Grindem ndi anzake a ku Oslo ndi ku Delaware, atatsatira anthu 106, anapeza kuti mwezi uliwonse wodikira, kufikira mwezi wachisanu ndi chinayi, unkachepetsa kuvulalanso ndi magawo 51 pa 100, ndipo anagwiritsa ntchito muyezo wakuti mwendo wovulala ufike magawo 90 pa 100 a mwendo wabwino pa mphamvu ndi pa kulumpha. Muyezo wa kulumpha ungayesedwe pa bwalo lililonse ndi chingwe: amene amalumpha masentimita 150 ndi mwendo wabwino ayenera kufika 135 ndi wovulala, n'kutera osagwedezeka. Virgil van Dijk wa Liverpool, amene anali ndi madokotala ndi zida zonse, anavulala mu Okutobala 2020 ndipo anaseweranso mu ligi mu Ogasiti 2021. Mphunzitsi wa timu ya kumudzi amene akuitana mnyamata pa mwezi wachinayi chifukwa cha chikho cha kumapeto kwa chaka akumuika pangozi imene ofufuza aiwerenga kale, popeza mwa achinyamata osakwana zaka 25 obwerera ku masewera, pafupifupi mmodzi mwa anayi amadulanso mtsempha, wa bondo lomwelo kapena wa linzake.

Mlimi alibe mphunzitsi womuitana, koma ali ndi mvula. Poyenda chabe, bondo limalandira mphamvu yoposa kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu, motero chigubu cha malita 20 pamutu, chimene chimalemera makilogalamu 20, chimawonjezera pa bondo katundu woposa pamenepo pa phazi lililonse, ndipo thumba la fetereza la makilogalamu 50 limawonjezera kwambiri. Kulima ndi khasu kumafuna kuima mwendo wina pamwamba pa mzere wina m'khwawa, n'kumapotoza thupi phazi litamira m'dothi, komwe ndi kupotoka komwe kuja kumene kunadula mtsempha poyamba. Kutsatira pulawo ya ng'ombe m'nthaka yonyowa, kutsikira ku mtsinje wa Chongwe ndi makeni awiri, ndi kukankha njinga yosenza matumba a makala pa chitunda, zonse zili m'gulu la ntchito zolemera zimene ziyenera kudikira ngati mmene mpira umadikirira.

Mwambo wa Chakwela Makumbi, umene Asoli amachita mu Okutobala pamene Mfumu Yaikulu Nkomeshya imapempha mvula ndi kutsegulira nyengo ya ulimi, ungathandize banja kuwerenga miyezi ya bondo. Amene anachitidwa opaleshoni mu Meyi, atangokolola, amafika pa mwambowu ali pa mwezi wachisanu, akuyenda bwino pamalo osalala, akupalasa njinga yopanda katundu, koma ntchafu yake ikadali yocheperapo pa inzake. Ntchito zimene zingamuyenere mvula yoyamba ikagwa ndi kuponya mbewu, kuthira fetereza ndi kachibekete kochepa, ndi kuyang'anira aganyu, atavala nsapato zogwira pansi ndi ndodo m'manja pa matope, pamene kugalauza, kusenza matumba ndi kugwira pulawo zimapita kwa ena mpaka cha mu Febuluwale, ndipo zimabwerera kwa iye pang'onopang'ono mwendo ukapambana miyezo ija. Amene anachitidwa opaleshoni mu Ogasiti kapena Seputembala amakumana ndi mvula chingwe chake chili pa nyengo yofooka ija, ndipo banja lake liyenera kukhala pansi mwambo usanafike, kugwirizana za amene adzalime munda wake ndi amene adzatunge madzi a pakhomo pake kufikira chimanga chitakhwima.